UMBONI WANGA: Tinanyamuka anthu 43, pa mjigo tinapezeka 42

 Uthengawu ndi wautali, ndiye pezani pokhala. Ndikulemba mapazi ali m'beseni la madzi ofunda othira mchere, ndipo amayi busa akundiseka kuti chikhadabo cha chala chachikulu chayamba kutsanzika.

Zithunzi za ulendo wathu wapansi mwaziona. Mwaona tikumwetulira, amayi atasenza mitolo, achinyamata akuimba. Ambiri mwandiimbira foni kuti, "Abusa, mwachita zazikulu." Zikomo. Koma chithunzi chimabisa zambiri. Pali chinthu chimene ine ndinachita pa ulendowu chimene palibe anachijambula, ndipo sindipeza tulo ndikapanda kuchinena pamaso panu.

Ndiyambe ndi mmene zinayambira, chifukwa ena simukudziwa. Tili ndi nthambi ya mpingo kumudzi wina kuseri kwa Mtunthama. Abale athu kumeneko anaumba okha njerwa, anawotcha, anamanga makoma, koma denga palibe. Chaka chatha mvula inagwetsa khoma limodzi, anadzutsanso. Mu Seputembala tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tipite tonse tikawaone mvula isanayambe. Titawerengera ndalama ya galimoto zoti zitinyamule, msungichuma wathu anangogwira pakamwa. Mukudziwa nokha mmene thumba la munthu wa ku Kasungu limakhalira miyezi ino. Ndalama ya fodya imabwera mabelo akayamba kulowa ku Chinkhoma cha mu Epulo, ndipo pofika Okutobala yatha, yotsalayo ikudikira feteleza.

Ndiye kumbuyo kwenikweni kunaimirira mayi wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti Agogo, wa zaka za m'ma 70. Anati, "Abusa, kodi miyendoyi tinapatsidwa kuti tiziipinda mu minibasi? Ndalama ya thiransipotiyo tigulire malata. Ife tiyende pansi." Anthu anaseka. Kenako anasiya kuseka, chifukwa Agogo sanakhale pansi. Tinamanga mfundo tsiku lomwelo: tipita wapansi, ndipo lole imodzi yokha yokatula malata ndi imene idzatibweretse.

Kuchokera pa Boma kukafika ku Mtunthama ndi makilomita opitirira 30, kulowera msewu wa ku Nkhotakota, ndipo mudziwo uli patsogolo pake. Tinati tiyenda masiku awiri. Tinasankha sabata ya Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, kuti ana asukulu ndi ogwira ntchito apeze mpata. Ndipo kunena zoona, tinakonzekera bwino. Tinalemba kalata kupolisi. Tinatuma anyamata awiri pa njinga kuti akaone kumene kuli mijigo ndi kukapempha chilolezo kwa mafumu a midzi imene tidutsemo. Mafumu ena anatiuza njira zoti tisadutse chifukwa kuli dambwe, ndipo tinamvera, poti mlendo sakangana ndi mwini mudzi. Aliyense anauzidwa kutenga botolo la madzi, chitenje, mkeka, ndi kachipanda ka mchere ndi shuga. Mnyamata wina anapatsidwa njinga yonyamula ufa, nyemba ndi chigubu cha thobwa. Mlongo wathu wina amene amagwira ntchito kuchipatala anatichenjeza kawiri konse kuti pasapezeke munthu wovala nsapato zatsopano. Abale, munthu mmodzi yekha amene sanamvere anali m'busa wanu. Ndinagula nsapato zonyezimira, zoti zikaoneke bwino pa chithunzi.

Tinanyamuka 4 koloko m'mawa, kukadali mdima. Tinapemphera, tinawerengana, tinapezeka 43. Wamng'ono kwambiri anali wa zaka 11, wamkulu anali Agogo. Amene simunayendepo m'bandakucha wa mu Okutobala, pali kukoma kumene simukukudziwa. Kamphepo kamakhala kozizira bwino, atambala akulira mudzi ndi mudzi, fungo la lupsa lili m'mphuno. Tinkayenda kudzanja lamanja la msewu kuti tizionana ndi galimoto zobwera. Pamene kunkacha ndinacheuka n'kuona phiri la Kasungu lili kumbuyo kwathu, layamba kuchepa. Achinyamata a kwaya anayambitsa nyimbo, amayi akulandira. Ine ndili kutsogolo, chimkuzamawu m'manja, mtima uli m'mwamba. Ndinkadzimva ngati mkulu wa asilikali.

Koma dzuwa la ku Kasungu silinyengerera munthu. Pofika 9 koloko nyimbo zinayamba kuchepa. Pofika 10 koloko amene ankaimba ndi nyenje zokha. Phula linkatentha mpaka kudutsa m'nsapato. Ndipo apa ndi pamene munthu umaona chimene fodya wachita ndi dziko lathu. Ukakhala pa galimoto suzindikira, koma ukamayenda pansi, ukufuna mthunzi, umaona kuti mitengo palibe. Inapita ku zigafa, inapita ku mabalani owotchera fodya, ina inapita ku makala. Chigwa chonse chili mbee, zitsa zokhazokha, ndi akamvulumvulu akunyamula fumbi m'minda. Mtengo umene watsala ndi wa mango, ndipo ukaona mango ataunjikana patali umadziwa kuti pamenepo pali mudzi, kapena panali mudzi. Amene anadzala mitengo imeneyo ambiri ali kumanda, koma ndi amene anatisunga tsiku limenelo. Tinakhala pansi pa mango kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko masana. Amayi anaphika nsima, tinamwa thobwa, ena anagona. Ine ndinavula nsapato mobisa n'kupeza matuza atatu, ndipo ndinavalanso msanga kuti mlongo wa kuchipatala uja asaone.

Titanyamukanso tinasiya tala n'kulowa njira yachidule yodutsa m'maesiteti. Apa ndi pamene nkhani yanga yayambira.

Njirayo inatsetserekera kudambo, ndipo kudamboko kunali nazale za fodya. Mabedi ataliatali ofunditsidwa udzu, mbande zitangotuluka, zobiriwira pakati pa dziko louma. Amayi ndi ana anali pa mzere, akuchokera pachitsime ndi makheni awiriawiri, kuthirira kwa madzulo. Kumtunda kwake kunali zigafa zopanda kanthu, ndipo kuseri kwa zigafazo kunali tinyumba taudzu, khoma udzu, denga udzu, chitseko cha thumba la feteleza. Nditangoona tinyumba timeneto, china chake chinandigwira pakhosi. Miyendo yanga inayamba kuthamanga yokha. Ululu wa matuza sindinaumvenso. Achinyamata anaona ngati ndi mpikisano, nawonso anawonjezera liwiro. Amayi busa anandiitana kawiri kuti, "Abambo, tadikirani anthu," ine ndinangokweza dzanja osacheuka. Gulu limene linali limodzi linaduka patatu: ife kutsogolo, ena pakati, ena kumbuyo kosaoneka.

Cha m'ma 5 koloko tinafika pa mjigo wa pa sukulu ya pulayimale imene tinapempha kuti tigonepo. Anthu anafika m'magulumagulu. Mlembi anayamba kuwerenga. Anapeza 42. Anawerenganso, 42. Ndinalanda kope n'kuitana maina ndekha. Nditafika pa dzina la Agogo, panali zii. A kumbuyo anati, "Ife timayesa akwera njinga ya ufa ija." Wa njinga anati, "Ine ndimayesa ali ndi amayi." Aliyense ankayesa kuti ali ndi mnzake. Agogo alibe foni. Dzuwa linali litafiira.

Abale, ndisanapitirize ndikuuzeni chimene ndakubisirani zaka zonse zimene ndakhala m'busa wanu. Mukandifunsa kwathu ndimati ku Mulanje, ndipo ndi zoona. Koma sindinakuuzeni chimene chinatibweretsa ku Kasungu. Ine ndine mwana wa tenanti. Bambo anga anakwera lole ya esiteti pamodzi ndi mabanja ena ambiri a kummwera, poti kwathu malo olima ndi ochepa, ndipo anauzidwa kuti ku fodya kuli ndalama. Esiteti yathu inali mbali ina ya boma lino, osati imene tinadutsayi, koma tinyumba, fungo, makheni, zonse ndi chimodzimodzi. Ine ndinayamba kunyamula kheni ndili ndi zaka 8. Ndinasoka fodya usiku ndi koloboyi, manja akuda ndi phula lake, mutu ukuzungulira.

Achinyamata amene simukudziwa utenanti, unali motere. Mwini esiteti amakupatsa munda, mbewu, feteleza, khasu ndi phoso, ndiye kuti chimanga chodya pa mwezi. Koma si zaulere. Chilichonse kalaliki amalemba m'buku ngati ngongole, ngakhale mchere, ngakhale panado. Mumalima banja lonse chaka chathunthu osalandira kanthu. Fodya akauma, bwana yemweyo ndi amene amamugula pa mtengo umene wanena yekha, n'kuchotsera zonse za m'buku. Chotsalacho ndiye malipiro ako.

Mu 1992 kunali chilala chachikulu, chaka chimene tinadya chimanga chachikasu chachithandizo. Ine ndinali ndi zaka 12. Bambo anapita ku ofesi kukalandira zawo, n'kubwerako manja ali lendee. Buku linati ngongole yaposa fodya. Mabanja asanu anagwirizana zochoka, ndipo tinanyamuka usiku, wapansi, mwezi ngati womwe uno wa Okutobala, kukafuna esiteti ina. Umenewo ndiwo unali ulendo wanga woyamba wautali wa pagulu. Panalibe nyimbo. Bambo anali kutsogolo, mkeka ndi khasu paphewa, akuyenda ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Amayi anali kumbuyo, mtolo wa mapoto pamutu, mlongo wanga wakhanda kumsana. Ine ndinali pakati. Ndikayang'ana kutsogolo ndikuona msana wa bambo ukuchepa, ndikayang'ana kumbuyo ndikuona amayi akuchepa, osadziwa kuti nditsate ndani. Dzuwa litafika pamutu amayi anagwa. Amene anabwerera kukawadzutsa sanali bambo. Anali bambo wina wa m'gulumo, wosakhala m'bale wathu. Anasenza mtolo wa mapoto uja pamutu pake, mwamuna wamkulu, n'kumayenda pambuyo pa amayi mpaka madzulo. Bambo anga anamva za nkhaniyi usiku titafika pogona.

Tsiku limenelo ndinalumbira mumtima kuti sindidzakhala ngati bambo anga. Anamwalira m'njala ya 2002 ndisanawakhululukire bwinobwino. Ndipo taonani, patapita zaka zoposa 30, ndaima pa mjigo ndi kope m'manja, nditachita chimodzimodzi chimene iwo anachita, m'mwezi womwewo, m'minda ya fodya yomweyo.

Ndinavula nsapato zonyezimira zija n'kuvala masilipasi a amayi busa. Ndinatenga tochi ndi anyamata awiri, tinabwerera. Njira imene ndinaidutsa ngati mphepo tsopano ndinkaiyenda motsimphina, ndikuitana, "Agogo! Agogo!" Maganizo onse oipa anandifikira. Ndikawauza chiyani ana awo? Ndidzaimanso bwanji pa guwa? Pemphero langa linali lalifupi kwambiri kuposa mapemphero onse amene munandimvapo ndikupemphera pa chimkuzamawu. Ndinkangoti, Ambuye, musalange mayiyu chifukwa cha kupusa kwanga.

Tinayenda pafupifupi ola lathunthu mpaka tinafikanso kudambo kuja. Kunali kutada. Kamtsikana kena kanatulukira m'njira n'kugwada, n'kunena kuti, "Ngati mukufuna agogo aja, ali kwathu." Kanatitsogolera kuseri kwa zigafa, ku tinyumba tomwe tija ndinkatithawa.

Tinawapeza Agogo atakhala pa mkeka pakhomo, mapazi ali m'beseni, akumwa phala. Chinachitika ndi chakuti anamva chizungulire, anapatuka kuti akhale pang'ono pa chulu, ndipo pamene ankadzuka gulu linali litapita ndipo njira zinali ziwiri. Kamtsikanako kanawapeza pochokera kothirira. Mayi ake anawatsogolera kunyumba, anawathira madzi a mu kheni kumutu ndi kumapazi, n'kuwaphikira phala ndi ufa umene unali wa chakudya chawo cha usiku umenewo. Bambo wa pakhomopo anali atabwereka kale njinga kuti akatifunefune.

Ndinagwada pamaso pa Agogo. Ndinati, "Agogo, ndakulakwirani. Mundikhululukire." Iwo sanafulumire kuyankha. Anamaliza kaye phala lawo, anapukuta pakamwa ndi chitenje, kenako anati, "Abusa, munawetako ng'ombe?" Ndinati ayi. Anati, "Ine ndinaweta za bambo anga, poti kwathu kunalibe mwana wamwamuna. Kuno kwathu m'busa wa ng'ombe sayenda kutsogolo. Amayenda pambuyo, kuti aone yotsimphina. Kutsogolo ng'ombe zimadziwa zokha." Anangonena zomwezo basi, n'kupempha kuti awathirenso madzi kumapazi.

Ndalalikira maulaliki ambiri, ndapita ku misonkhano ya atsogoleri, koma palibe anandiphunzitsa ubusa ngati mmene anachitira mayi ameneyu ndi mawu ochepa amenewo.

Bambo wa pakhomopo atayamba kulankhula, ndinamva kalankhulidwe ka kwathu kuphiri. Ndinafunsa, "Achimwene, kwanu n'kuti?" Anati ku Phalombe. Ali ndi zaka zitatu asanapiteko. Ndinayang'ana khoma laudzu, chitseko cha thumba, kamtsikana kaja kali ndi zikhatho zokakala ngati za munthu wamkulu, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wanga pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Inenso ndinakulira m'nyumba ngati ino." Anyamata awiri a mumpingo aja anandiyang'ana modabwa. Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi achizimayi aja, n'kuseka, n'kunena kuti, "Ndiye khalani pansi, Abusa, muli kwanu." Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti m'dziko muno, ndipo tiyamike chifukwa cha zimenezo. Koma ine ndikunena zimene maso anga anaona ndi tochi usiku umenewo: kanyumba kaja n'komwe kaja ka 1992.

Nditakhala pa mkeka umenewo ndi pamene ndinawamvetsa bambo anga. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ankayenda kutsogolo chifukwa analibe nafe chikondi. Koma ine masana amenewo sindinathamange chifukwa chodana ndi Agogo. Ndinathamanga chifukwa cha manyazi. Sindinkafuna kuyang'ana tinyumba tija, sindinkafuna kuti wina aone nkhope yanga. Ndiye ndinadzifunsa: mwamuna amene walimitsa mkazi ndi ana chaka chathunthu n'kubwera chimanjamanja, angacheuke bwanji kuwayang'ana m'maso? Bambo anga sankatithawa ife. Ankathawa maso athu. Sindikunena kuti anachita bwino, poti amayi anagwadi ndipo iwo panalibe. Koma usiku umenewo, kuseri kwa chigafa cha eni ake, ndinawakhululukira bambo anga, ndipo ndinalira ngati mwana wa zaka 12 uja.

Tinawakweza Agogo pa njinga yobwereka ija, bamboyo akukankha, mpaka kusukulu. Tinafika cha m'ma 9 koloko usiku. Palibe anali atadya. Nsima inali itazizira m'mapoto, anthu ali m'kalasi akupemphera. Atationa, amayi anaimba nthungululu mpaka agalu a m'mudzimo anayamba kuuwa.

M'mawa mwake ndisanapemphere ndinaima pamaso pa onse n'kupepesa, ndipo tinasintha malamulo a ulendo. Ndinawauza Agogo kuti akwere njinga, anakana. Anati, "Ndinayambitsa ndine, ndimaliza ndi miyendo yanga." Ndiye tinati chabwino, Agogo ndi ana ang'ono akhale kutsogolo, ndipo palibe wololedwa kuwapitirira. Aliyense akhale ndi mnzake mmodzi amene akumuyang'anira, woti akapatuka ngakhale kukadzithandiza, mnzakeyo aime. Tiziwerengana pa mjigo uliwonse ndi pa mphambano iliyonse, pomaitana maina, osati kungoloza mitu. Chimkuzamawu ndinapereka kwa wa kwaya. Ine ndinatenga ndodo n'kupita kumapeto kwenikweni.

Achinyamata ena anang'ung'udza kuti tifika mochedwa. Ndinawakumbutsa nkhani ya pa Genesis 33, pamene Esau ankafuna kuti ayendere limodzi ndi Yakobo, koma Yakobo anamuuza kuti atsogole, poti iye anali ndi ana ofooka ndi ziweto zoyamwitsa, ndipo kuzithamangitsa tsiku limodzi lokha kukanazipha. Anasankha kuyenda pa liwiro la ana ndi ziweto. Ndimeyi ndaiwerenga kambirimbiri, koma ndinali ndisanaimve ndi mapazi.

Ndipo abale, kumbuyo kuli dziko lina. Tsiku loyamba ndili kutsogolo ndinkangoona msewu. Tsiku lachiwiri ndinaona anthu anga. Ndinaona kuti m'bale wina amene amaseka nthawi zonse amakoka mwendo, ndipo nditayenda naye anandiuza za matenda amene wakhala akubisa chaka chathunthu. Ndinaona banja lina limene limakhala pa benchi imodzi Lamulungu lililonse likuyenda motalikirana, osapatsana ngakhale madzi. Mnyamata wina amene ndinkamuyesa wamwano anabwerera yekha kudzasenza chikwama cha mayi woyembekezera, osadziwa kuti ndikumuona. Anthu amene sanayambe agogodapo pa ofesi yanga ankatsalira dala kuti tiyendere limodzi, ndipo poti poyenda simuyang'anana m'maso, ankanena zinthu zimene sakanazinena titakhala moyang'anizana. Pa maola ochepa amenewo ndinawadziwa anthu anga kuposa zaka zonse zimene ndakhala ndikuwaona ndili pa guwa.

Tinafika pa Mtunthama dzuwa litakwera. Tinapuma, ndipo ana anafunsa za mtengo wa kachere umene amati Kamuzu Banda anaphunzirirapo ali mwana, pafupi ndi Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981. Mkulu wa mpingo wina anawafotokozera kuti Kamuzu yemweyo ali mnyamata, zaka zoposa 100 zapitazo, anachoka kuno ku Kasungu wapansi mpaka ku Hartley ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Chegutu ku Zimbabwe, kenako n'kukafika ku Johannesburg. Ndipo sanali yekha wochita zimenezi. Makolo athu ambiri anapita ku Halale ndi ku Joni wapansi, m'magulu, akugona m'tchire. Mwana wina anafunsa kuti, "Nanga wina akadwala panjira ankatani?" Agogo ndi amene anayankha. Anati, "Zinkatengera kuti wayenda ndi ndani." Onse anatembenuka kundiyang'ana ine, ndipo tinaseka mpaka misozi.

Tinafika kumudzi kuja cha m'ma 5 koloko madzulo, mochedwa ndi maola atatu pa nthawi imene ndinalemba pa pulogalamu yanga. Abale athu anatichingamira patali ndi nthambi za mitengo. Woyamba kulowa m'tchalitchi chopanda denga chija anali Agogo, ndi ndodo yawo. Womaliza ndinali ine. Mlembi anaitana maina, ndipo onse 43 anavomera.

Ndisakunamizeni kuti zonse zatha bwino. Malata amene tinagula afika pakati pa denga ndi kupitirira pang'ono, mbali ya kumbuyo ikadali poyera. Lamulungu tikupemphera kunagwa chizimalupsa, a kutsogolo anali pouma, a kumbuyo ananyowa. Ndinaima pa guwa ndili wouma ndikuwaona akunyowa, ndipo ndinadziwa kuti phunziro lija silinathe. Ndinatsika n'kukamalizira ulaliki kumbuyo komweko. Mutu umodzi susenza denga, ndiye amene Ambuye akukhudzani pa malata otsalawo, onanani ndi msungichuma mvula yeniyeni isanafike.

Pobwerera tinapempha dalaivala wa lole kuti apatukire kudambo kuja. Tinasiya ufa ndi nyemba zimene zinatsala pa ulendo. Mayi wa pakhomopo anayamba wakana, akuti sanachite zija kuti alipidwe. Agogo anawauza kuti, "Mwana wanga, landira, ndikubweza phala lako," ndiye analandira. Amayi a chigwirizano atenga udindo woona kuti kamtsikana kaja kakupita kusukulu, ndipo ine ndalonjeza kupitakonso mwezi wamawa, nthawi yowokera fodya, osati ndi chimkuzamawu, koma kukacheza ndi achimwene anga aja.

Ambiri mwafunsa ngati chaka chamawa tidzayendenso. Eya, Ambuye akalola tidzayenda, ndipo a mipingo ina amene mukufuna kuchita ulendo ngati umenewu, tengani zimene ife taphunzira ndi matuza. Nyamukani kusanache ndipo pumani dzuwa likafika pamutu. Dziwani kumene kuli mijigo musananyamuke. Lemekezani mafumu a midzi imene mukudutsa. Valani nsapato zakale. Koma choposa zonsezi, woyenda pang'onopang'ono muike kutsogolo, ndipo wamkulu pa gululo akhale womaliza.

Inu abambo, inu atsogoleri, inu ana amene munaphunzira n'kupita kutauni kapena kunja, ndili ndi funso limodzi lokha. Pa ulendo wanuwu munanyamuka angati? Taimani pa mjigo muitane maina. Mwina pali wina amene mukuyesa kuti ali ndi achimwene anu, achimwene anunso akuyesa kuti ali ndi inu. Dzuwa lisanalowe, bwererani mukamuone.

Agogo ali bwino, dzulo anali kumunda akupanga mizere. Nsapato zonyezimira zija ndapatsa mnyamata wa njinga ya ufa, akuti adzavala pa ukwati wake.

Ambuye akudalitseni nonse. Ndine m'busa wanu, mwana wa tenanti, woyenda pambuyo. Ameni.